Kukhala ku Japan: mafunso ndi mayankho pa chakudya, miyambo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu ongofika kumene ku Japan, kaya abwerera sukulu, ntchito kapena kutsatira banja. Malamulo ena amasiyana mzinda ndi mzinda, choncho pamene tatchula Tokyo musatenge ngati ku Fukuoka kapena ku Sapporo n'chimodzimodzi.

Ndikangofika, ndiyambe ndi chiyani?

Aliyense wodzakhala kupitirira miyezi 3 amalandira khadi ya chilolezo chokhala m'dzikomo yotchedwa zairyu kado, kawirikawiri pabwalo la ndege pomwepo, monga Narita, Haneda kapena Kansai. Mukapeza pokhala, muli ndi masiku 14 oti mukalembetse adilesi ku ofesi ya mzinda kapena ya dera lanu. Musazengereze, chifukwa popanda adilesi yolembetsa n'kovuta kutsegula akaunti ku banki kapena kupeza nambala ya foni.

Tsiku lomwelo lembetsani inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ngati kuntchito sanakuikeni pa yawo. Ndi inshuwalansiyo, kuchipatala mumalipira 30 peresenti yokha ya bilu. Pemphaninso kalendala ya zinyalala ya dera lanu. Zairyu kado ija muziyenda nayo nthawi zonse, ndi lamulo, ndipo wapolisi akhoza kukuimitsani n'kuifunsa. Ophunzira ofuna ganyu atenge kaye chilolezo, ndipo asapitirire maola 28 pa mlungu nthawi ya sukulu.

Kodi nsapato zimavulidwa paliponse?

Osati paliponse, koma m'nyumba ya munthu n'zosachita kufunsa. Mukalowa pakhomo mupeza malo otsika pang'ono otchedwa genkan. Pamenepo amapawerengera ngati panja. Vulani nsapato n'kuponda pamalo okwera, osapondanso pansi potsikapo ndi masokosi, kenako tembenuzani nsapatozo kuti ziloze kukhomo.

Mwininyumba akupatsani masilipasi. Nawo ali ndi malire ake: pa tatami, mphasa zochindikala zoyala m'zipinda zina, mumaponda ndi masokosi basi. Kuchimbudzi mupeza masilipasi ena akumeneko okha. Apa ndi pamene alendo ambiri amagwa nayo, munthu kutuluka kuchimbudzi n'kukakhala pabalaza atavala masilipasi akuchimbudzi. Palibe amene angakukalipireni, koma onse aona. Masukulu, akachisi, zipatala zina zing'onozing'ono ndi malesitilanti ena nawonso amavulitsa. Mukaona mashelefu a nsapato pakhomo, dziwani kuti kwafika kovula, ndiye masokosi obooka asiyeni kunyumba.

Moni amapereka bwanji?

Amawerama, sagwirana chanza kawirikawiri ndipo sakumbatirana. Kwa mnzanu kapena neba, kugwedeza mutu pang'ono n'kokwanira. Kwa kasitomala kapena bwana mumawerama ndi msana wonse, pafupifupi madigiri 30, ndipo popepesa zazikulu mumafika pa 45. Itanani munthu ndi dzina la makolo n'kuwonjezera san kumapeto, mwamuna kapena mkazi chimodzimodzi. Aphunzitsi ndi madokotala ndi sensei. Dzina lanu lokha musaliike san.

Kuntchito, khadi ya dzina imalandiridwa ndi manja awiri, zimene kwa ife si zachilendo. Iwerengeni kaye, muiike patebulo mpaka msonkhano utatha. Osalembapo, osaiponya m'thumba lakumbuyo.

Nanga chakudya cha tsiku ndi tsiku n'chotani? Ndi sushi basi?

Ayi, sushi ndi ya apo ndi apo. Chakudya cha pakhomo ndi mbale ya mpunga woyera, kambale ka msuzi wa miso, ndiwo imodzi yaikulu monga nsomba yootcha kapena nyama, ndi tindiwo tiwiri ta masamba. Miso ndi soya wofufumitsa ndi mchere. Msuzi wake umayambira pa dashi, madzi owiritsiramo ndere za m'nyanja zotchedwa kombu ndi nsomba youma yopalapala. Dashi ameneyu ali pafupifupi m'chilichonse, choncho amene sadya nsomba asamale ngakhale ndi mbale yooneka ngati ya masamba okhaokha.

Zimene zimadabwitsa lilime lathu ndi shuga m'ndiwo. Nyama, maungu, ngakhale mazira okazinga amathira shuga ndi msuzi wa soya. Tsabola ndi wochepa. Palinso natto, soya wofufumitsa wonanda ndi wa fungo lamphamvu, amene amadya m'mawa. Amene anakulira therere kunandako sikumuvuta, chimamugonjetsa ndi fungo.

Nsima ndingaipeze?

Mungaphike, koma ufa wake muchita kuusaka. M'masitolo wamba mulibe ufa woyera wa chimanga. Musapusitsidwe ndi mapaketi a cornstarch kapena katakuriko: umenewo ndi wokhuthalitsira msuzi, mukauvundula mupeza guluu. Funani cornmeal kapena corn grits m'masitolo ogulitsa zakunja ndi pa intaneti. Masitolo a anthu a ku Brazil, omwe ndi ambiri ku Hamamatsu ndi ku Oizumi, amagulitsa ufa wachikasu wotchedwa fubá. Ku Tokyo, dera la Shin-Okubo lili ndi masitolo a anthu a ku Nepal, India ndi Bangladesh, ndipo semolina wa kumeneko amaphika nsima yabwino ndithu ufa wa chimanga ukasowa.

Ndiwo ndiye sizivuta. Niboshi ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa. Tichotseni mitu ndi matumbo chifukwa timawawa, tiviikeni pang'ono kuti mchere uchepe, kenako kazingani ndi tomato ndi anyezi. Komatsuna amalowa m'malo mwa mpiru. Therere lobala lilipo, amalitcha okura, ndipo nthawi yotentha kumapezeka moroheiya, amene ndi denje. Pofuna kutendera, gulani chiponde chopanda shuga. Chija cholembedwa peanut cream ndi chopaka pa buledi, n'chotsekemera, chikuwonongerani ndiwo. Chidale cha nkhuku n'chotsika mtengo kuposa ntchafu, koma zipatso n'zodula kwambiri, kupatula nthochi. Madzulo sitolo ikamayandikira kutseka, yang'anani chizindikiro ichi 半額, chimatanthauza theka la mtengo.

Mpunga wawo ukungondipsera phala. Ndikulakwitsa pati?

Mpunga wa ku Japan ndi waufupi ndi womata, si woyoyoka ngati kilombero, ndiye kumata pang'onoko n'kolondola. Ukafika pa phala, zifukwa zimakhala zitatu. Choyamba, mwina munagula mochigome, mpunga wopangira mochi (timakeke tomata ta mpunga wosinja), umene thumba lake limafanana ndi la mpunga wamba. Chachiwiri ndi kapu. Kapu yobwera ndi mphika wamagetsi ndi ya mamililita 180, pafupifupi magalamu 150 a mpunga, ndipo mizere ya m'kati mwa mphika inawerengedwa ndi kapu imeneyo, osati ya tiyi. Chachitatu ndi madzi ochuluka, monga tinazolowerera ndi mpunga wautali.

Chitani chonchi. Tsukani katatu kapena kanayi, madzi oyamba muwataye msanga chifukwa mpunga umayamwa fungo la gaga. Viikani mphindi 30, kapena ola limodzi nthawi yozizira. Pa kapu iliyonse thirani madzi okwana mamililita 200. Osathira mchere kapena mafuta. Ngati mukuphika m'poto, uwire kaye, chepetsani moto kwa mphindi 12, thimitsani, ndipo musavundukule kwa mphindi 10 zina. Mukavundukula msanga, pamwamba pamakhala mbwindi pansi pali phala.

Timitengo todyera tili ndi malamulo?

Awiri ndiwo aakulu, ndipo onse akukhudza maliro. Musazike timitengo chilili mumpunga, chifukwa ndi mmene amaikira mpunga wa womwalira. Musapatsirane chakudya kuchoka pa timitengo tanu kupita pa ta mnzanu, chifukwa ndi mmene achibale amatolera mafupa mtembo ukatenthedwa. Ikani chakudyacho pambale yake.

Enawo ndi aulemu chabe: osabaya chakudya, osalozera munthu, osakokera mbale. Nyamulani mbale ya mpunga ndi ya msuzi kufika nayo pafupi ndi pakamwa. Kufwifwinthiza ramen kapena soba (zakudya zangati supageti) mokweza n'kololedwa. Musanadye nenani itadakimasu, mukamaliza gochisosama deshita, onsewa ndi mawu othokoza chakudya. Ngati timitengo takukanikani, kupempha foloko si mlandu.

Nsomba ndi mazira osaphika sizidwalitsa?

Zimadalira chimene mwagula. Nsomba yodya yosaphika imalembedwa 刺身用, pamene yoti iphikidwe imalembedwa 加熱用. Osasinthanitsa. Choopsa chachikulu mu nsomba ndi kanyongolotsi kotchedwa anisakis, kamene kamapweteketsa m'mimba koopsa patangopita maola ochepa. Kamafa nsomba ikaphikidwa kapena ikaumitsidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola 24. Viniga, mchere ndi wasabi (chokometsera chobiriwira chowawa) sizikapha, ndiye nsomba yowedza nokha musaiyese yosaphika.

Mazira amatsukidwa ndi kupimidwa asanafike m'sitolo, ndipo deti la papaketi ndi malire odyera dzira losaphika. Likadutsa, phikani. Chimene sitingalimbikitse ndi nkhuku yosapsa imene malo ena omwera amagulitsa, chifukwa imatsegulitsa anthu m'mimba kawirikawiri. Chiwindi cha ng'ombe chosaphika chinaletsedwa mu 2012, ndipo nyama ya nkhumba yosaphika mu 2015. Pa Chaka Chatsopano samalani ndi mochi, chifukwa amatsamwitsa okalamba ndi ana chaka chilichonse. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono.

Sindidya nkhumba komanso sindimwa mowa. Ndikhala bwanji?

Lowezani chilembo ichi 豚, ndicho nkhumba. Vuto ndi nkhumba yobisika: msuzi wa ramen, makamaka tonkotsu, umachokera ku mafupa a nkhumba, ndipo mafuta ake amapezeka m'mabokosi a curry, mu gyoza (timasamusa ta nyama) ndi m'masikono ena. Mowa nawo umabisala m'zophika kudzera mu sake ndi mirin, mitundu ya mowa wa mpunga. Nyama ya halal imapezeka m'masitolo atchulidwa pa funso la nsima, komanso nkhuku ina youmitsa ya m'masitolo a Gyomu Super. Mizikiti ilipo, monga Tokyo Camii ndi wa ku Kobe umene unamangidwa mu 1935.

Paphwando la kuntchito, lotchedwa nomikai, itanitsani tiyi wa oolong n'kukweza nawo tambula akamafuula kanpai poyamba kumwa. Anthu amangofuna mukhalepo. Kwa amene amamwa, zaka zoyambira ndi 20, mumathirira anzanu osati kudzithirira nokha, ndipo musayendetse kanthu mutalawa, ngakhale njinga yakapalasa. Lamulo limalanganso wokwera galimoto akudziwa kuti dalaivala wamwa.

Kulesitilanti ndisiye kangachepe kothokoza?

Ayi. Mukasiya ndalama patebulo akuthamangirani nazo kunja poganiza kuti mwaiwala. Mumalipira pakauntala yapakhomo, ndalama n'kuika m'kambale osati m'manja mwa wogulitsa. M'malo omwera otchedwa izakaya amabweretsa kambale ka chakudya kamene simunaitanitse, otoshi, ndipo kamaoneka pa bilu, kawirikawiri mayeni (ndalama za ku Japan) 300 mpaka 500 pa munthu. Si kuba, ndi malipiro a mpando. Kuyambira Okutobala 2019, msonkho ndi 10 peresenti mukadyera pomwepo, 8 peresenti mukanyamula.

N'chifukwa chiyani thumba langa la zinyalala analisiya ndi chipepala chomata?

Chifukwa munasakaniza, munatulutsa tsiku lolakwika, kapena thumbalo si lovomerezeka. Pa zonse zimene zimadanitsa mlendo ndi aneba, iyi ndi nambala wani. Zinyalala zimagawidwa m'magulu: zotentheka, zosatentheka, mabotolo apulasitiki, zitini, magalasi, mapepala, ndipo m'mizinda yambiri mapulasitiki okutira zinthu. Gulu lililonse lili ndi tsiku lake. Mizinda ina monga Kyoto imafuna matumba ake ogula m'sitolo, pamene m'madera 23 a pakati pa Tokyo thumba loonekera m'kati ndi lokwanira. Tauni ya Kamikatsu ku Tokushima inafika pogawa m'magulu 45.

Tulutsani m'mawa wa tsiku lomwelo, nthawi zambiri isanakwane 8 koloko, osati usiku. Akhwangwala a kumeneko ndi akuluakulu ndipo amang'amba thumba n'kumwaza zonse mumsewu, n'chifukwa chake pamakhala ukonde wophimbira. Botolo lapulasitiki chotsani chitsekerero ndi pepala lake, tsukuluzani, phwanyani. Bokosi la mkaka tsukani, ling'ambeni likhale lafulati, liume. Mafuta okazingira osathira m'sinki, aviikeni m'nyuzipepala kapena gulani ufa wowaumitsa.

Katundu wamkulu, ku Tokyo woposa masentimita 30, ndi sodai gomi. Mumaimba foni kapena kulembetsa pa intaneti, kugula chitikiti chomata kusitolo yapafupi, n'kutulutsa pa tsiku limene akupatsani. Firiji, TV, makina ochapira ndi makina oziziritsa m'nyumba salowa m'gulu limeneli, ali ndi lamulo lawolawo ndipo mumalipira padera. Thumba lija likasiyidwa, litengeni mukasankhe bwino. Mukalisiya pomwepo, wina alitsegula kufuna envelopu ya dzina lanu.

Bwanji ndalama zolowera m'nyumba ya lendi n'zambiri chonchi?

Chifukwa si lendi yokha. Pali shikikin, dipoziti imene ina imabwerera akachotsapo zokonzetsera. Pali reikin, mphatso yopita kwa mwininyumba yokwana lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri, yosabwerera. Onjezani malipiro a ejenti, kampani yokuimirani ngati mulibe Mjapani woti asaine, inshuwalansi ya moto ndi kusintha loko. Zonse pamodzi zimafika lendi ya miyezi 4 kapena 5. Ku Tokyo, pakatha zaka 2 zilizonse mumalipiranso pafupifupi mwezi umodzi wowonjezerera pangano.

Eni nyumba ena amakana alendo, ejenti akuuzani poyera. Nyumba za UR, bungwe la boma lobwereketsa nyumba, sizifuna reikin, ejenti kapena wokuimirani, kungoti zambiri ndi zakale ndipo zili patali ndi siteshoni. Nyumba zambiri zimabwera zopanda kanthu, nthawi zina ngakhale nyale yakudenga. Tsiku lolowa jambulani chilema chilichonse pakhoma ndi pansi, zidzakuthandizani pa dipoziti.

Aneba sananene kanthu, koma kwabwera kalata yodandaula za phokoso. Zatheka bwanji?

Ndi mmene zimayendera. Neba sagogoda pakhomo panu, amakanena kwa oyang'anira nyumba, iwo n'kuponya kalata. Makoma a nyumba zamatabwa ndi opyapyala. Kuchapa ndi makina usiku, kuimba nyimbo, kuseka ndi alendo, kapena kuyankhula mokweza pa WhatsApp ndi abale akumudzi pakati pa usiku zimamveka zonse. Japan ili patsogolo pa Malawi ndi maola 7, ndiye abale akamaweruka kuntchito, kwanu ndi 12 koloko usiku. Ikadutsa 10 koloko tsitsani mawu.

Mawu amene mudzamve kawirikawiri ndi meiwaku, kutanthauza kusowetsa ena mtendere. Mwana amakula akuuzidwa kuti asachite zimenezo, ndipo malamulo ambiri osalembedwa amachokera pamenepo. Mukasamukira malo atsopano, kathaulo kapena bokosi la masikono la mayeni 500 mpaka 1,000 kwa neba wa mbali zonse ndi wapansi panu limafewetsa zambiri.

M'sitima ndisamale chiyani?

Foni ikhale chete ndipo osayankhulapo. Imani pamzere pa zizindikiro zapansi, otsika ayambe atuluka. Chikwama chakumsana chibweretseni kutsogolo mukadzaza. M'mawa pamakhala mabogi a amayi okhaokha. Pamasitepe oyenda okha, ku Tokyo amaima kumanzere, ku Osaka kumanja. Khadi yolipirira ya Suica, Pasmo kapena ICOCA imagwira m'sitima, m'basi ndi m'masitolo ambiri. Sitima zimasiya kuyenda chapakati pa usiku, ndipo ikachedwa m'mawa tengani kapepala ka umboni pasiteshoni kokaonetsa kuntchito.

Kusamba pagulu kuja n'kokakamiza?

Ayi, koma mudzakumana nako m'mahotela achikhalidwe ndi pa maulendo a kuntchito. Onsen ndi madzi otentha achilengedwe, sento ndi bafa ya m'dera yolipira. Amuna 男 kwawo, akazi 女 kwawo. Mumavula zonse. Khalani pakampando, sambani ndi sopo, tsukuluzani thovu lonse, kenako lowani m'dziwe. Dziwelo ndi lowothera thupi, si losambiramo. Kathaulo kasakhudze madzi, ambiri amakaika pamutu. Madzi amakhala pa madigiri 40 mpaka 42, ndiye yambani ndi mphindi zochepa ndipo osalowa mutamwa mowa. Malo ambiri amakaniza anthu a matatuu, funsani musanalipire.

Pakhomo pa munthu n'chimodzimodzi: banja lonse limagwiritsa ntchito madzi amodzi, mlendo ndiye amayamba. Mukatuluka musatsegule chotsekera madzi.

Munthu wati "hai" koma sanachite. Kodi anandinamiza?

Hai nthawi zambiri amatanthauza "ndikumva", osati "ndavomera". Kukana mwachindunji amakupewa. Wina akapumira m'mano n'kunena chotto, kapena muzukashii desu ne, kutanthauza kuti n'zovutirapo, yankho ndi ayi. Kentoshimasu, "tiganizira", kawirikawiri ndi ayi waulemu. Daijobu desu ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa akhoza kutanthauza "zili bwino" kapena "ayi zikomo". Mukaumirira kufuna yankho lomveka, munthuyo amangotalikira. Pa nkhani ya ntchito, tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana ndi deti lake.

Pa nthawi pokha palibe zozungulira. Msonkhano wa 9 koloko umayamba 9 koloko, ndipo wofika nthawi yomweyo wachedwa kale. Fikani kutatsala mphindi 5 kapena 10.

Mphatso, ukwati ndi maliro zimayenda bwanji?

Mukapita ulendo, bwererani ndi omiyage, bokosi la zodyadya zokutidwa chimodzichimodzi zogawira a kuntchito. Pewani zinthu zinayi, chifukwa mawu a 4 amamveka ngati a imfa. Wolandira mwina sangatsegule pamaso panu, ndipo akhoza kubweza mphatso ina, choncho yodula kwambiri imamulemetsa.

Ukwati ndi wa oitanidwa okha, mpando uliwonse uli ndi dzina, simungatengane ndi mnzanu. Kulibe perekaniperekani. Mumapereka pakhomo envelopu yapadera, ndipo mnzake wa mkwati kapena mkwatibwi amaikamo mayeni 30,000, ndalama zatsopano zochokera ku banki. Amayi asavale zoyera.

Maliro ndi osiyana kwambiri ndi kwathu. Simungopita chifukwa mwamva, mabanja ambiri masiku ano amachita mwambo wa achibale okha, ndiye dikirani uthenga. Pamakhala mwambo wa madzulo wotchedwa otsuya, koma alendo sagona pasiwa, amakhala ola limodzi kapena awiri n'kubwerera. Valani zakuda zokhazokha. Chipepeso, koden, chimaikidwa mu envelopu ya zingwe zakuda ndi zoyera, mayeni 5,000 mpaka 10,000 kwa mnzanu wa kuntchito, ndipo ulendo uno ndalama zisakhale zatsopano, kuopa kuoneka ngati munakonzekeratu imfayo. Mumatsina lubani n'kuika pamoto, osalira mokweza. Pafupifupi mitembo yonse imatenthedwa. Akhristu ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, choncho mwambo umene mudzaone kwambiri ndi wa Chibuda.

Nyengo ndi masiku atchuthi ndikonzekere bwanji?

Juni ndi Julayi ndi mvula ya tsuyu. Chinyontho chimameretsa chuku pa nsapato, zovala ndi matiresi oyala pansi, ndiye pindani ndi kuyanika matiresiwo, ndipo ikani mapaketi oyamwa chinyontho m'kabati. Ogasiti amafika madigiri 35, kutentha kwa thukuta kosatha ngakhale usiku. Musaumire magetsi a makina oziziritsa m'nyumba, anthu amafa ndi kutenthako. Nyengo yozizira, Disembala mpaka Febuluwale, nyumba zambiri kunja kwa Hokkaido zimazizira m'kati. Ngati mukuwotha mbaula ya palafini, tsegulani zenera pafupipafupi. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo mungu wa mitengo ya sugi umayetsemulitsa anthu, ngakhale amene sankadwala m'zaka zoyamba.

Maofesi a boma amatseka kuyambira 29 Disembala mpaka 3 Januwale. Tchuthi cha Golden Week, kumapeto kwa Epulo mpaka 5 Meyi, ndi cha Obon, chapakati pa Ogasiti, ndi nthawi imene matikiti amadula ndi kutha msanga. Chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mu Epulo.

Chivomezi chikachitika nditani?

Nthawi zambiri foni imalira mokweza masekondi angapo chivomezi chachikulu chisanafike. Lowani pansi pa tebulo, tetezani mutu, osathamangira panja chifukwa kumagwa magalasi ndi matailosi. Chikaleka, thimitsani moto, tsegulani chitseko. Ngati muli pafupi ndi nyanja, thawirani kumtunda osadikira, madzi a tsunami ndiwo anapha anthu ochuluka pa 11 Malichi 2011. Sungani madzi okwana malita 3 pa munthu pa tsiku, a masiku osachepera 3, tochi, ndi nsapato pafupi ndi pogona. Makabati aatali amangirireni kukhoma. Dziwani malo othawirako a dera lanu, kawirikawiri ndi sukulu. Apolisi ndi 110, ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119.

Ndinganyamule chiyani pobwera, nanga pobwerera?

Nyama yamtundu uliwonse, youma, yootcha kapena soseji, imalandidwa pabwalo la ndege, ndipo chindapusa chikhoza kufika mayeni 3 miliyoni. Zipatso, masamba ndi mbewu zambiri n'zoletsedwa kapena zimafuna satifiketi. Mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine wambiri saloledwa, ndipo chamba, ngakhale chochepa bwanji, chikhoza kukufikitsani kundende kenako kuthamangitsidwa m'dziko.

Magetsi a ku Japan ndi mavoti 100, pamene a ku Malawi ndi Zambia ndi 230. Machaja a foni ndi laputopu amalandira zonse, mumangofuna adaputala ya mano awiri afulati. Ayironi kapena ketulo yakwathu ku Japan imangofunda osatentha. Pobwerera ndiye pali ngozi: mphika wa mpunga wogula m'sitolo wamba umapsa mukangoulumikiza ku Lilongwe. Ngati mukuufuna, funsani wopangidwira maiko akunja wa mavoti 220 mpaka 240, umapezeka m'masitolo akuluakulu a zamagetsi monga a ku Akihabara.